Kudikira kwa a Sitithamanga

Pasukulu ya mpingo imene ili kuseri kwa tchalitchi panali mphunzitsi wa kalasi yoyamba amene dzina lake lenileni ankalidziwa ndi mlembi yekha, poti ndiye ankalitaipa pa makalata. Ena onse, kuyambira bambo mfumu mpaka mayi wosesa, ankangoti a Sitithamanga. Dzinali anadzipatsa okha mosadziwa. Mwana akataya madzi, akaiwala pensulo, akalira chifukwa anzake atsiriza kulemba iye asanayambe, mawu awo anali amodzi: "Sitithamanga, ana inu." Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi akubwereza mawu omwewo, dzina likanalephera bwanji kuwamatirira?

Anali mayi wamfupi, wa juzi yabulauni imene matumba ake ankatuwa ndi choko, ndipo kolona ankaikulunga pamkono ngati wotchi. Anabwera pasukulupo ali mtsikana, anakwatiwa ali pomwepo, amuna awo anamwalira iwo ali pomwepo. Mwana wobereka okha Mulungu sanawapatse, ndipo nkhani imeneyi sankaikamba. Katatu konse anauzidwa kuti akwezedwa, akaphunzitse ana akuluakulu, ndipo katatu konse anayankha kuti aganiza kaye. Onse amene anawafunsawo anapuma pantchito yankho lisanafike.

Kaphunzitsidwe kawo sikanali m'buku lililonse. Ankafunsa funso, n'kukhala chete. Ana ochangamuka ankakweza manja mpaka kudzuka pamipando, iwo osawaona n'komwe, maso ali pa kamwana kamene kakubisa nkhope. Woyendera masukulu wina anakhalapo kumbuyo kwa kalasi, wotchi ili m'manja, n'kulemba m'lipoti kuti mphunzitsiyu amataya theka la phunziro atangoima. A Sitithamanga anamufunsa mwaulemu kuti iyeyo akanatani, kenako anamudikira kuti ayankhe. Akuti mwamuna wamkulu ndi tayi yake anatuluka thukuta.

Mlembi ankawadziwa kuposa onse, osati chifukwa cha makalata okha. Zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo iye anali kamtsikana kachibwibwi m'kalasi yomweyo, desiki lachitatu pafupi ndi windo. Kunyumba amayi ake ankamutsirizira mawu pomumvera chisoni, kusukulu anzake ankamutsanzira, ndiye iye anaona kuti kungokhala duu n'kosavuta. Tsiku lina a Sitithamanga anakweza chithunzi cha mpando n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Lilime linakana. Iwo anayenda pang'onopang'ono pakati pa madesiki, anagwada pambali pake, n'kunong'ona kuti anzake asamve: "Puma kaye, mwanawe. Ndili pompano." Belu la pemphero la masana linalira, palibe anadzuka. Mawu akuti mpando atatuluka anatuluka ndi misozi, ndipo a Sitithamanga anangoti, "Wakhoza," ngati palibe chachilendo chimene chachitika.

Kamtsikanako kanakula, chibwibwi chinatha, ndipo ngati akulipsira zaka zonse zimene anakhala chete, mlembi anakhala munthu wa liwiro. Ankalankhula ngati makina osokera, ankataipa osayang'ana zala, ankayankha mafoni awiri nthawi imodzi. Anali mayi wa mtima wabwino, asakunamizeni munthu, koma wochedwa ankamutopetsa. Munthu akawoloka amaiwala kuti mtsinje unali wakuya bwanji.

Mliri utafika, sukulu inatsekedwa Lachinayi masana, ana n'kusiya mabotolo awo a madzi m'mawindo poganiza kuti abwerera mawa. Sabata yotsatira a Sisitere, amene anali mphunzitsi wamkulu, anaitanitsa aphunzitsi onse khumi ndi mmodzi pabwalo, mipando yotalikirana, aliyense mphuno ndi pakamwa zili m'kansalu. Anafotokoza kuti maphunziro apitirira kudzera pa foni. Mphunzitsi aliyense azijambula mawu ake, mlembi azikonza n'kutumiza kwa makolo, ndipo mapepala a ntchito makolo azidzatenga pageti Lolemba lililonse. Mlangizi wochokera ku ofesi ya masukulu a mpingo anali ataika kale lamulo: phunziro lisapitirire mphindi zisanu, chifukwa mafoni a makolo ambiri sangalandire zazitali.

"Ndipo amene zimuvute," anatero a Sisitere, maso ali papepala, "makamaka anzathu achikulire amene matendawa akuwakonda, akhoza kukapuma kunyumba. Kalasi tipatsa wina."

Palibe anatembenuka, koma aliyense anadziwa amene akunenedwa. A Sitithamanga anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito, ndipo foni yawo inali ya mabatani, yomanga ndi labala. Msonkhano utatha anatsatira mlembi mpaka pakhomo la ofesi.

"Mwana wanga, ana anga ndawasiya pa chilembo cha m. Sangakhale pamenepo mpaka chaka cha mawa. Awa ndi otsiriza, ndikufuna ndiwasiye akuwerenga."

"Musadandaule, Amayi," anayankha mlembi. "Ana anu palibe awatenge ine ndilipo."

Analonjeza ndi mtima wonse, ndipo zimenezi tisamulande.

Ofesi ya mlembi inali kachipinda ka windo limodzi, kabati ya mafaelo, mtanda pakhoma, ndi kompyuta imene masipika ake anafa kalekale. M'kachipinda kameneka iye anasanduka mphunzitsi wa aphunzitsi. Wa masamu anajambula phunziro lonse chala chitatseka pakabowo kolankhulira. Wa katekisimu anaphunzitsa masakramenti asanu ndi awiri tambala akumuvomereza kumbuyo. Wa kalasi yachinayi, bambo wodziwa zonse amene anakana kuthandizidwa, anatumiza kwa makolo makumi asanu uthenga umene unali wa akazi ake, ndipo a Sisitere anaumvetsera kawiri kuti atsimikize. Onsewa ankaimbira mlembi, ena akukalipa, ena akufuna kulira, ndipo iye ankawatonthoza mmodzimmodzi, tiyi wake akuzizira pamwamba pa kabati.

A Sitithamanga anakana kujambulira kunyumba. Anati iwo sangaphunzitse khoma. M'mawa uliwonse ankabwera wapansi, kansalu kali kumaso, n'kutsegula kalasi yawo yopanda munthu. Mlembi ankawaikira foni ya sukulu patebulo la kutsogolo, kudina, n'kuthamangira ku ofesi kumene mafoni ena anali kulira. Phunziro loyamba linatenga mphindi makumi awiri ndi zitatu.

Mlembi anagwira mutu. Koma atalowetsa mawuwo m'kompyuta anaona chinthu chimene chinamukhazika mtima pansi. Pagalasi la kompyuta mawu a munthu amaoneka ngati timapiri, ndipo pamene palibe akulankhula pamangokhala mzere wogona. Phunziro la a Sitithamanga linali timapiri towerengeka pakati pa mizere yaitaliitali. Kumvetsera zonsezo nthawi akanaipeza kuti, ndi masipika akufawo? Anangodula ndi maso paliponse pamene mzere unagona, n'kulumikiza timapirito. Zinatsala mphindi zinayi ndi theka. Anamvetsera chodulidwacho pafoni kamodzi, ndipo chinamveka bwino ngati pawailesi.

A Sisitere anasangalala kwabasi. Anatumiza phunzirolo kwa aphunzitsi onse ngati chitsanzo, ndi mawu akuti achinyamata achite manyazi, ndipo nkhani yopatsa wina kalasi yoyamba inafera pomwepo. A Sitithamanga okha ndiwo sanalimve, poti foni ya mabatani silandira zotere. Anthu akamawayamikira ankangothokoza, akudabwa kuti chasintha n'chiyani. Mlembi sanawauze. Ankadziuza kuti akuwasungira mtendere, koma kunena zoona ankanyadiranso luso lake. Tsiku ndi tsiku ankadula, ndipo dzanja linazolowera mpaka ankatha phunziro lonse madzi a tiyi asanawire. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Patapita masabata asanu ndi awiri, Lolemba lina pageti panafika atelala, bambo wamtali wofatsa amene ankasokera sukulu yonse tinsalu takumaso. Mwana wawo wamkazi anali m'kalasi yoyamba, ndipo anali wachibwibwi. Atalandira mapepala sanachoke, anangoima n'kumawapindapinda.

"Mayi, pepani, ndifunseko. Kodi mwana wanga anawalakwira aphunzitsi?"

"Angawalakwire bwanji, bambo, sukulu ili yotseka?"

"Wakana kumvetsera. Poyamba ankakhala pansi pa tebulo langa, foni ili pakhutu. Aphunzitsi akafunsa, iye n'kuyamba kukoka mpweya kuti ayankhe, koma asanatulutse kanthu aphunzitsi adutsa kale. Ndiye akuti aphunzitsi anakwiya naye. Akuti samudikiranso." Atelala anapindanso mapepala aja. "Ndi kunyumba komwe wasiya kulankhula. Akafuna kanthu amangoloza ndi chala."

Mlembi anamva ngati singano yamubaya penapake, koma foni inali kulira m'thumba ndipo makolo ena anali pamzere.

"Muziimitsa foniyo akafunsa, bambo. Pali kabatani pakatipo."

"Ndinayesa, mayi. Akuti ameneyo ndine amene ndikudikira, osati aphunzitsi."

"Ana alipo makumi asanu ndi limodzi, bambo. Sitingakonzere mmodzi."

Anazinena motsitsa mawu, koma anazinena. Mumtima anali atatsimikiza kale kuti nkhaniyi isafike kwa eni kalasi. Tsoka ilo, eni kalasiwo anali atangokhoma chitseko chawo, ndipo anali akubwera kugeti ndi kayendedwe kawo kosapupuluma. Anapereka moni kwa atelala, anafunsa za mwana, ndipo atelala, munthu wosadziwa kubisa, anatulutsa foni n'kuliza phunziro la m'mawa womwewo.

A Sitithamanga anamvetsera ataima, mutu utapendekeka. Mafunso ankagwerana ngati mbale zogwa pashelefu: ichi n'chiyani, wakhoza, nanga ichi, wakhoza, tsopano tilembe.

"Ameneyu ndani?" anafunsa.

"Ndinu, Amayi," anatero mlembi.

"Mawu ndi anga. Koma ine sindinamufunsepo mwana chonchi."

Sanafune kukamba pamaso pa makolo. Anathokoza atelala, analowa mu ofesi, n'kuima pafupi ndi kabati mpaka mlembi atatseka chitseko.

"Wachita chiyani, mwana wanga?"

"Ndangodula pamene panalibe kanthu, Amayi."

"Panalibe kanthu." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono, maso akumuyang'ana pamwamba pa kansalu. "Iwe ndiwe ukunena zimenezo?"

Akanakalipa zikanakhala bwino. Manyazi akasowa kothawira amasanduka ukali, ndipo mlembi anayamba kulankhula ngati makina osokera aja.

"Amayi, pakanapanda ine kalasi akanakulandani sabata yoyamba. Mphindi makumi awiri ndi zitatu, ndani angalandire zimenezo? Ndili ndi aphunzitsi khumi ndi mmodzi, nonse maso ali pa ine, kudya sindidya. Zinthu zasintha. Si nthawi yoti munthu aziima n'kumayang'ana madesiki opanda ana."

A Sitithamanga sanamudule mawu. Atatha anamudikirabe pang'ono, mwina pali zina, monga ankachitira ndi aliyense.

"Wandisungira chipinda, zikomo," anatero. "Koma ine ndinapempha ana." Anakonza kolona pamkono. "Sindikupempha zambiri. Mwana wa atelala yekha, umupititsire phunziro limodzi lathunthu, mmene ndinalinenera. Ngati silingadutse pafoni, miyendo uli nayo."

"Ndiona Lolemba likubwerali, Amayi. Sabata ino kuli malipoti."

"Chabwino. Ndidikira."

Madzulo ake kunyumba mlembi sanadye bwino. Amuna ake, amene ntchito yawo yoyendetsa galimoto inali itaima, anali kuseweretsa ana pakhonde, ndipo amayi ake okalamba anali kupinda zovala pampando wawo wa masiku onse.

"Aphunzitsi ako aja ali bwanji?" anafunsa amayi akewo. "Uziwasamala. Ine ndinakubereka, koma anakutsegula pakamwa ndi iwo."

"Ali bwino, amama. Kungoti nthawi zina..."

"Amachedwa," anamutsirizira amayi ake, poti khalidwe limeneli sanalisiye. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mlembi anadzuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Sabata yonseyo a Sitithamanga ankabwera monga kale. Moni ankapatsana, koma wamfupi. Lachisanu anakhosomola kawiri pakhomo la kalasi n'kunena kuti ndi fumbi la choko. Mlembi anawaikira foni patebulo, anadina, anathamanga. Masana anadula monga mwa masiku onse n'kutumiza. Mawu opepesa anali atawakonza kale mumtima, okoma ndithu, ndipo anawasungira Lolemba pamodzi ndi ulendo wa kwa atelala. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lolemba kalasi yoyamba sinatsegulidwe. Lachiwiri mayi woyandikana nawo nyumba anaimba kuti awatengera kuchipatala, kupuma kukuvuta. Kuchipatalako sankalola munthu kulowa. Mlembi ankaimba foni ya mabatani ija m'mawa ndi masana, inkangolira osayankhidwa, mpaka tsiku lachitatu inasiya kulira komwe. Anapita kukaima pachipata ndi juzi ina ndi botolo la tiyi, mlonda anamulandira katunduyo ndi magolovesi n'kumuuza kuti azipita. Tsiku lachisanu ndi chinayi a Sisitere anaima pakhomo la ofesi, nsalu yakumutu itapendekeka, zimene sizinachitikepo.

"Amayi atisiya m'mawa uno."

Kumanda analola anthu khumi okha, ndipo mlembi sanali m'gulumo. Anaima kunja kwa mpanda pamodzi ndi makolo angapo otalikirana. Bokosi silinalowe m'tchalitchi m'mene mayiyu anagwadamo moyo wake wonse. Bambo mfumu anapemphera mofulumira monga malamulo ankafunira, anawaza madzi ali patali, amuna ovala zoyera anatsitsa, basi. Mwambo wonse unali waufupi kuposa phunziro lawo loyamba lija. Mlembi sanalire. Anabwerera kunyumba maso ali gwa, akudzida yekha kuti ngakhale misozi ikumukana.

Sabata yotsatira a Sisitere anamupempha kuti asonkhanitse maphunziro onse a kalasi yoyamba, apatse mphunzitsi amene atenge malowo. Mlembi weniweni sataya pepala, ndipo iye anali atasunga zonse, zodulidwa pazokha, zathunthu pazokha. Zathunthuzo zinalipo makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo panalibe ndi chimodzi chomwe chimene anachimvetsera. Anaziika pafoni ya sukulu, ndipo poti mu ofesi mafoni sankamupatsa mpata, anatenga kiyi n'kukatsegula kalasi yoyamba.

Munali mmene anamusiyira eni ake. Pabolodi panali m wamkulu ndi m wamng'ono, mabotolo a madzi anali m'mawindo, ndipo dzuwa la m'mawa linkaonetsa fumbi pamadesiki. Pampando wa aphunzitsi sanathe kukhalapo. Miyendo yokha inamutengera pa desiki lachitatu pafupi ndi windo, ndipo anadzipanikiza pamenepo, mawondo akugunda thabwa. Pakona ya desikilo panali kapepala komata ka dzina la mwana wa atelala, kolembedwa ndi dzanja la a Sitithamanga. Anadina phunziro loyamba.

"Mwadzuka bwanji, ana inu?" Kenako zii. "Tchula mawu oyamba ndi m." Kenako zii wina, uja wa mzere wogona.

Chala chake chinayenda chokha kuti chidumphe. Anachigwira, n'kuika foni pakhutu.

Munali nsapato. Zinkamveka patalipatali, zikuchoka patebulo pamene panali foni, chidendene chimodzi chikukhula pansi. Kenako desiki linalira pang'ono, bondo linathetheka, ndipo mawu ang'onong'ono, ochepa kwambiri moti kompyuta sinawajambulire kaphiri, anati: "Puma kaye, mwanawe. Ndili pompano."

Panadutsa nthawi yaitali, m'menemo mukungomveka kupuma kwa munthu wachikulire wogwada. Kenako: "Wakhoza."

Mlembi anakweza maso n'kuona chimene akanachiona kalekale akanakhala woima pakhomo ngakhale mphindi imodzi. Madesiki onse anali ndi fumbi la miyezi iwiri, koma m'mphepete mwa lililonse munali zidindo za zala zachoko, pamene munthu ankagwira pogwada ndi podzuka. Mayiyu sankayang'ana madesiki opanda ana. Ankapita kwa mwana aliyense pamalo pake, tsiku lake, n'kumudikira malinga ndi mmene ankamudziwira. Pa desiki lachitatu zidindozo zinali zambiri kuposa pena paliponse.

Anamvetsera lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Belu la masana linalira kutchalitchi, iye sanadzuke. Pomaliza anadina la Lachisanu lija. Mawu anali osasa. Funso linafunsidwa, chifuwa chinatsekeredwa m'juzi kuti ana asamve, nsapato zinayenda mochedwa kuposa kale, desiki linalira, ndipo kunong'ona kuja kunabwera. Koma ulendo uno panatsatira mawu ena, ochokera pansi pomwepo pamene anagwada.

"Mlembi wanga, ngati umamva kunoko, pano pokha undisiyire. Ndi kamphindi kamodzi."

Analikumbuka bwino Lachisanu limenelo. Anadula foni ili paphewa, akulangiza wa masamu, ndipo sizinamutengere nthawi. Misozi imene inakana kumanda inabwera tsopano, ndipo analira mokweza ngati mwana wa kalasi yoyamba, chipumi chili pathabwa. Ankawakonda mayi amenewa kuposa mmene anadziwira, ndipo mawu omaliza enieni amene anawauza anali akuti kuli malipoti.

Atapukuta kumaso sanabwerere ku ofesi. Anatenga pepala la chilembo cha m, anaika foni m'thumba, n'kutuluka pageti wapansi. Shopu ya atelala inali kachipinda kopapatiza m'msewu wa kuseri, pakati pa ometa ndi okonza nsapato, onse otseka. Munali makina amodzi, mulu wa tizidutswa ta nsalu, ndi tinsalu takumaso topachikidwa pachingwe. Pansi pa tebulo panali kamtsikana kakusanja mabatani m'chivindikiro.

Atelala anatuluka pakhomo n'kutsitsa mawu. "Mayi, sitinamuuze. Tikusowa poyambira."

"Ndabweretsa phunziro lake, bambo. Aphunzitsi ake anandituma kalekale."

Anakhala pansi pasimenti, anaika pepala ndi foni pafupi ndi mwendo wa tebulo, n'kudina. Mwanayo atangomva mawu a aphunzitsi ake anatembenukira kukhoma. Funso linabwera: "Tchula mawu oyamba ndi m." Timapewa take tinakwera, akudikira kuti amudutse monga mwa masiku onse. Sanamudutse. Mlembi anakweza mawu a foni mpaka pamapeto, ndipo m'kachipindamo munamveka nsapato, desiki, bondo.

"Puma kaye, mwanawe. Ndili pompano."

Batani linagwa m'dzanja la mwanayo. Anatembenuka pang'onopang'ono, anayang'ana foni, anayang'ana pepala. Anakoka mpweya. Milomo inatsekana n'kuyamba kunjenjemera. Atelala anali ataima ndi sizasi m'manja, osaphethira. Mlembi ankamva lilime la mwanayo m'kamwa mwake mwenimweni, mmene limalemerera, mmene khosi limaumira.

"M... m... m... mpira."

Panadutsa kupuma kumodzi, kenako foni inati: "Wakhoza."

A Sitithamanga anali atamuyezera nthawi yake monga atelala amayezera diresi, osapereweza, osapitiriza. Atelala anaika sizasi pansi n'kutembenukira kuwindo, akudzipukuta ndi kachidutswa ka nsalu.

Mwanayo anamwetulira, mano awiri akutsogolo mulibe. Anakoka foni n'kuikumbatira pachifuwa, kenako anayang'ana mlembi.

"A... a... abwera liti?"

Mlembi anatsegula pakamwa. Mayi amene ankayankha mafoni awiri nthawi imodzi, amene anatonthoza aphunzitsi khumi ndi mmodzi miyezi iwiri, anapeza lilime litagona pansi ngati la munthu wina. "A... a..." Anayesanso, nsagwada zinauma. "A... a..." Anayang'ana kwa atelala, atelala anali kuyang'ana singano.

Kamtsikanako kanamuyang'anitsitsa, ndipo kanazindikira chimene kakuona. Kanakwawa kutuluka pansi pa tebulo, kanagwada pambali pake, n'kumugwira mkono wa bulauzi.

"P... pumani kaye, anti. S... sitithamanga."

Ndipo kanakhala pomwepo, foni ili pachifuwa, n'kumamudikira.